Minibasi ya a Kingsford sinafike m'tauni

Ku Limbe konse kunalibe munthu wodana ndi chinthu chomalizidwa ngati malemu a Kingsford January. Bambo amenewa ankakonza makompyuta m'kachipinda koyandikana ndi shopu yanga ya fotokope, kuseri kwa msika, ndipo ankasewera magemu osatha kupanga okhaokha. Ndikunena aulere aja, amene anthu ongodzipereka amawaika pa intaneti matumbo ali pamtunda, kuti wofuna aliyense asokepo chigamba chake.

Ukawapatsa gemu yabwinobwino yampira, ankakubwezera ngati wawapatsa usipa woola.

"Imeneyo ndi nyumba ya lendi, mayi Jenifer," ankandiuza choncho. "Simungakhomemo ngakhale msomali."

Ndiye pakompyuta pawo pankaguba asilikali opanda mitu ndi akavalo othamanga chafutambuyo. Iwo m'manja wawa, ati ntchito ikuyenda.

Zinafika poipa atapeza gemu yoyendetsa basi. Misewu yake inali ya kumaiko ozizira yokhayokha, yosalala ngati mbale. A Kingsford zinawapweteka. Analembera eni gemuyo kuti iwo amanga msewu wochoka ku Limbe, kudutsa pa Chichiri, mpaka kumsika wa m'tauni, ndipo anthu aja anavomera ndi manja awiri.

Kuyambira pamenepo bambo wamkulu, tayi pakhosi, ankapezeka atagwada mumsewu ndi tepi yoyezera, akuyeza maenje. Tsiku lina dalaivala anawakalipira:

"Madala, mufera chiyani? Mwatumidwa kudzakwirira?"

"Ayi achimwene, ndikufuna ndilitenge dzenjeli mmene lililimu. Musaliwononge."

Anajambulanso mawu a Kalimu, woitanira minibasi wa pasiteji pathu. Kalimu anakuwa "Tauni! Tauni! Mmodzi yekha!" mpaka mawu kusasa, kenako n'kufunsa ngati azungu akamumva amutumizira jekete.

Patatha zaka zitatu minibasi inanyamuka. Inali yoyera, chitseko chomanga ndi chingwe, yeniyeni ndithu. Imatuluka bwinobwino mu Limbe, Kalimu akukuwa, koma ikangofika pa Chichiri pansi pamatseguka. Minibasi, anthu, kondakitala, zonse psiti! Pagalasi pamangotsala mtambo.

Abale, tinaseka. Tinkaitana anthu ochokera ku Bangwe kuti adzaone ngozi yaulere. A Kingsford akamadutsa, wina amafuula, "Bwana, lero tatsikira pati?" Iwo ankangoyankha kuti, "Tikadali pa Chichiri, koma tifika." Chimene ankatipempha chinali chimodzi: sewerani, mundiuze pamene yafera. Ife tinkasewera kuti tione ikugwa basi.

Tsono anali ndi lamulo lawo louma ngati chikumba. Sankatumiza chilichonse kwa anzawo a pa intaneti aja munthu wina asanachiyese ndi manja ake. Ankati mwini ntchito amadziwa pozemba, ndiye maso ake ndi abodza.

Lolemba lina anasuzumira mushopu mwanga, nkhope ikuwala.

"Mayi Jenifer, dzenje la pa Chichiri ndatseka. Dzulo ndafika m'tauni! Bwerani muyendetse, mphindi khumi zokha, kuti nditumize."

"Mawa, bambo. Simukuona mzerewu?"

Mzere wake unali wa anthu awiri. Lachiwiri ndinati mawa. Lachitatu anaima pakhomo nthawi yaitali, akutsokomola, ine n'kunamizira kuti makina adya pepala. Lachinayi kachipinda kawo sikanatsegulidwe. Loweruka tinamva kuti atisiya kuchipatala.

Maliro asanafike n'komwe kumudzi kwawo ku Nsanje, mlamu wawo wina, a Trevor, anabwera ndi ngolo kudzasesa katundu. Nditabwerako kumaliro ndinawalondola a Trevor kwawo.

"M'kompyuta muja muli msewu wa malemu. Ndiloleni ndikopere."

"Zamagemu zija? Ndafufuta zonse, ndaikamo nyimbo zothirira anthu m'mafoni. Si zaulere zomwe zija? Mukazitenganso pa intanetipo."

Ndinafuna kuwalavulira, koma malovu ake akanayenera kuyamba kugwera ine.

Lero m'kachipinda kaja mukugulitsidwa nsapato za kaunjika. Amene ankaseka kwambiri ndi amene akuti malemu anali munthu wanzeru zakuya, ndipo ndikawamva ndimanyansidwa. Koma osati Kalimu. Amangodutsa pakhomopo mofulumira, nkhope atayang'ana kumbali.

Gemu ija ilipobe pa intaneti, yaulere, ndi msewu wakale uja. Patsamba lake pali funso la mnzawo wina wakunja, limene lakhala miyezi isanu ndi itatu popanda woyankha: a Kingsford, msewu wafika pati?

Ndinaiika pakompyuta ya mushopu. Kukakhala kopanda makasitomala ndimakweza anthu ku Limbe, Kalimu akukuwa kuti watsala mmodzi yekha, n'kuyendetsa pang'onopang'ono, kuzemba maenje onse amene bambo aja anagwadira. Tikayandikira pa Chichiri ndimaima pambali, n'kuzimitsa injini. Mphindi khumi zija ndili nazo tsopano, tsiku lililonse.