Ndinalawirira kwa Apongozi ndi Shawelo Yopsa

Nkhani iyi Taonga akadzakula adzaimva ndithu, chifukwa azimayi a ku Dambwa amaikambabe pa mpopi, ndipo aliyense amathirako mchere wake. Ndiye bola ndiilembe ndekha mwini manyazi. Ine ndine mkazi amene analiritsa mzere wonse wa nyumba Loweruka m'mawa, anthu asanamwe ndi tiyi yemwe.

Matenda anga ndi "mawa". Ntchito sindiopa ayi. Kuchapa, kukolopa, kupaka polishi pansi mpaka munthu adzione nkhope, zonsezo ndimachita ndikuimba. Koma zoti ndimuyang'ane munthu m'maso n'kunena kuti ndalakwa, zimenezo ndimakankhira mawa. Mawalo likafika, ndimapeza kuti mapoto akufuna kukwecha.

Taonga atabadwa, apongozi anga anandipatsa shawelo. Osati za pa salaula, pogulitsa zovala zakale. Yoyera, yoluka pamanja, ya timaluwa m'mbali. Analuka okha ku Katete ali ndi pakati pa amuna anga, a Yotamu, ndipo ana awo onse asanu anatuluka m'chipatala atakulungidwa m'menemo.

Pondipatsa anati, "Mwana wanga, ikatha ntchito kwa iwe, ipita kwa mlamu wako Esinati."

Mayi anga ondibereka anamwalira ndili Giledi 4. Ndiye mawu akuti "mwana wanga" aja ndinawapinda bwino mumtima kuposa mmene ndinapindira shaweloyo.

Kenako kunabwera kuzizira kwa Juni. Taonga anasanzira shawelo, ndinachapa, koma sinaume. Ndinaiyanika pa mpando pafupi ndi mbaula n'kupita kukatunga madzi. Pobwera, m'nyumba mukununkha ngati akuwawula mutu wa mbuzi. Pakati penipeni panali bowo loti chibakera changa chimalowa osakhudza m'mbali.

Ndinatani? Ndinachapanso. Ndinachapa kanayi konse, ngati bowo limachoka ndi sopo, n'kumayanika kuseri kwa chimbudzi, kumene ndinkati anthu safika. Tangomvani nzeru zimenezo!

Lamulungu lililonse apongozi ankachoka kwawo ku Dambwa kubwera kwathu ku Maramba kudzaona mdzukulu.

"Shawelo ili kuti, kuzizira konseku?"

"Ndachapa, Amayi."

Lamulungu lachiwiri, ndachapa, Amayi. Lamulungu lachitatu anapita kuseri, ndipo atabwerako za shawelo sanafunsenso. Ine mumtima ndinati Mulungu ndi wabwino, aiwala. Koma mimba ya Esinati inali kukula, ndipo mimba sidikira munthu.

Amene anandigwira ndi aneba anga, bana Mutinta. Amuna awo amagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, iwo ndiwo amapolisha pakhonde.

"Iwe bana Taonga, uyonda. Ni chani?"

Ndinawaonetsa.

"Mayo! Bapongozi baziba?"

"Nizabauza mawa."

"Mawa yako ija yakwanisa na mwezi manje. Bwela uone." Ananyamula kadyamsonga wa mtengo, wamtali ngati mwana wa Giledi 1. "Aka kanyama nikazonda maningi. Khosi ing'ono, ukagwila na mphamvu yathyoka, bashi Mutinta bakalipa. So ine nikauka chabe, nikalibe na kusamba kumaso, niyamba na aka. Mvuu ni zopusa, nipolisha na tulo. Chovuta first thing, mwandi! Osaganiza, osaika manzi pa moto. Ukagwila tsache chabe, wagwa."

Ndinayesa Lachinayi ndi matewera amene ndinkawanyika mpaka masana. Pofika seveni onse ali pa chingwe, ine ndikuyenda ngati nduna. Lachisanu ndinalawirira ku sikelo, kumene ndinazemba masabata awiri kuopa anesi. Anandikalipira pang'ono chabe, basi zatha. Ndinati kodi mankhwala ake ndi omwewa? Loweruka ndi la shawelo.

Ndinadzuka ziro faivi, kusanache. Ndinamuyamwitsa Taonga, anagonanso. Ndiye ndinaganiza: ndikati ndimubereke, ndiyenera kumusintha, kumuveka, kufuna sokosi inayo, ndipo ine ndimadzidziwa, dzuwa lidzatuluka ndikusita makatani. A Yotamu tsikulo sanali kupita ku ntchito ku njanji. Ndinamuika mwana pambali pawo, onse awiri ali pakamwa yasa. Sindinasambe kumaso, sindinadzole. Ndinatola duku loyamba kuligwira mumdima, lomwe linali lakuda, ndinapinda shawelo bowo lili mkati, n'kuifumbatira pachifuwa. Ulendo.

Ndinawoloka Mosi-oa-Tunya Road masitolo ali chitsekere, alonda akuwotha timoto ta makatoni. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Koma nditayandikira Dambwa, ndinaganiza za apongozi akundiyitana kuti "amake Taonga" mouma, osatinso "mwana wanga". Misozi inayamba yokha.

Ndinawapeza akusesa pabwalo. Ndinafuna kunena odi, mawu osatuluka. Ndinangogwada chapatali, ndikusisima.

Anandiyang'ana kumaso. Anayang'ana kumsana kwanga. Anayang'ana shawelo.

Tsache linagwa.

"Mayo ine! Mayooo!"

Ndinati kalanga ine, maso a amayiwa! Bowo aliona ngakhale ndapinda kanayi! Ndinalira mokweza.

"Amayi, ndikhululukireni, ndinangotuluka pang'ono kukatunga..."

"Usanene! Usanene, mwana wanga!" Anandigwera m'khosi.

Akuti mwana wangabe! Apo ndiye ndinatsegula mpopi wonse.

Zitseko zinayamba kutseguka. Azimayi ankabwera akumanga zitenje m'njira, akafika pa mpanda n'kuyamba kulira. Anandinyamula m'khwapa, kundilowetsa m'nyumba, kundikhazika pa mphasa nditatsamira khoma. Wina anandimanga chitenje pamimba molimba. Ine mumtima ndinati, koma anthu a ku Dambwa amalemekeza zoluka.

Ndinayamba kukayika nditaona azibambo akutulutsa sofa. Kenako kabati ya mbale, anthu anayi, "Bwino galasi! Bwino galasi!" Panja wina anayamba kuwaza nkhuni. Ndinamva akuti wina athamange akaitane akulu a mpingo. Mayi wa kwaya anatsokomola n'kuyambitsa nyimbo yapansipansi.

Pamenepo analowa Esinati, mimba patsogolo, manja kumutu.

"Taonga wanga ine! Dzana lomweli ndimamuseketsa!"

Apo ndiye ndinazindikira. Kwathu kuno munthu wofika m'bandakucha, wosasamba, wa duku lakuda, wosanena odi, amabweretsa uthenga umodzi wokha. Nanga akakhala mayi woyamwitsa, kumsana kulibe kanthu, m'manja muli nsalu ya mwana? Zimenezi ndimazidziwa kuyambira ndili kamtsikana. Koma tsikulo m'mutu mwanga munali kadyamsonga yekhayekha.

Tsopano ndinali ndi chovuta chatsopano, chachikulu kuposa bowo. Ndipo mukudziwa chimene mutu wanga unandiuza? Unati, "Dikira atope kaye. Unena akamwa tiyi."

Zoona! Pamaliro a mwana wanga wamoyo, ine ndikufunabe kuzengereza!

Chinandidzutsa ndi apongozi. Anali atasiya kukuwa. Anakhala pakona, shawelo ili chipindire, ataikanikiza kumphuno kufuna fungo la mdzukulu, milomo ikungoyenda. Nkhope imeneyo sindifuna kudzaionanso. Ndinaimirira.

"Taonga ali moyo!"

Mayi wina wamkulu thupi, ba Inonge, anandikokera pansi ngati thumba la ufa.

"Ehe mama, tonse timakamba so. Nkhala pansi."

"Nakamba zoona! Ali kunyumba na batate bake!"

"Mutu wayamba. Mugwileni bwino, angathabile ku njanji."

"Nisiyeni nikambe!"

"Mupaseni manzi!"

Anandigwira atatu, wina kundimwetsa madzi, theka kuthira m'khosi. Ndiye thupi nalo linandipereka. Nthawi yoyamwitsa inali itakwana, mkaka unayamba kudontha pa bulauzi. Azimayi ataona zimenezo, kulira kunakwera mpaka malata.

Mkati mwa phokosolo ndinamva kulira kwina, kwa panja, kopyapyala, kwaukali. Kumeneko ndingakuzindikire ngakhale pakati pa Maramba Market.

A Yotamu anadzutsidwa ndi mwana wanjala, bana Mutinta n'kuwauza kumene ndapita. Anabwera akukankha njinga, mwana atamumanga pachifuwa ndi nsalu ya patebulo, mwendo umodzi uli lende. Atakhota pa ngodya anaona sofa ya amayi awo panja, moto pabwalo, azibambo atazyolika. Njinga anaitaya pomwepo.

"Amama! Amama mwandisiya ine!"

Azibambo a pamoto anadzuka, kuyang'ana bambo akulira, kuyang'ana mwana akukuwa, kuyang'anana okhaokha. Mmodzi anavula chipewa, kenako anachivalanso.

Apongozi anatulukira pakhomo. A Yotamu anaona amayi awo akuyenda ndi miyendo yawo. Apongozi anaona kamwendo kakupalasa mu nsalu ya patebulo. Onse awiri anakuwa nthawi imodzi, ndipo mpaka lero sindidziwa anaopa kwambiri ndani.

Apongozi anathamangira kwa a Yotamu. Anamasula mwana, kumununkhiza kumutu, kuwerenga zala, kumupsompsona m'mapazi, akuseka ndi kulira pamodzi. Kenako anandipatsa.

"Yamwitsa."

Ndinakhala pa sitepe n'kuyamwitsa, anthu oposa makumi awiri atandizungulira. Kunkangomveka Taonga akumeza.

Atakhuta, apongozi anati, "Tsopano mwana wanga, tandiuza. Unalawirira chiyani?"

Apa panalibenso mawa. Ndinatenga shawelo, kuimirira, kuitambasula pamaso pa Dambwa yense. Ba Inonge ndinkawaona bwinobwino kudzera pa bowo.

"Ndinawotcha pa mbaula, Amayi. Mwezi watha. Ndimaopa kunena."

"Basi?"

"Basi, Amayi."

Apongozi anatembenuka. Kenako anayenda kupita pa kabati yawo, imene inali itaima pakati pa bwalo pafupi ndi mtengo wa mango. Anakoka dilowa, n'kutulutsa mpira wa ulusi woyera ndi singano zolukira.

"Bowo limenelo ndinaliona kuseri kwa chimbudzi chako. Ulusi uwu ndinagula Lolemba lake."

"Nanga osandiuza, Amayi?"

Anayang'ana pansi ngati mtsikana. "Ndimaopa kukuchititsa manyazi. Tsiku lililonse ndimati ndikamuuza mawa."

Ba Inonge anawomba m'manja kamodzi. "So ise tasiya nchito, tatulusa na kabati, chifukwa cha imwe babili na mawa yanu? Ikani manzi pa moto uyo, nkhuni zisapite mahala!"

Tiyi tinamwa pa moto wa maliro womwewo. Akulu a mpingo anafika atavala jekete, Baibulo m'khwapa, anapeza anthu akugubuduka ndi phwete, malemu ali pamiyendo pa agogo ake akuyamwa chala. Anapemphera pemphero lothokoza, lalifupi, chifukwa nawonso mawu ankawathawa. Azibambo pobweza sofa m'nyumba ankandipatsa moni mmodzimmodzi, "Pepani mayi, mwatipezetsa masewera olimbitsa thupi."

Anthu atabalalika, tinakhala awiri padzuwa, ine ndi apongozi. Anadula zakuda za m'mbali mwa bowo, n'kundigwiritsa singano, manja awo pamwamba pa anga. Ine kuluka sindinkadziwa. Anati shawelo inali ya manja amodzi, tsopano ikhala ya manja awiri. Chigambacho chinatuluka choyera kuposa kwina konse, chokhota pang'ono mbali imene ndinaluka ine. Mwana wa Esinati anatuluka m'chipatala atakulungidwa momwemo.

Madzulo ake bana Mutinta anandifunsa pa mpanda, "Manje kadyamsonga wako, wapolisha?"

Ndinati, "Napolisha, koma Dambwa yonse inagwilila khosi."

Za kuyamba ndi chovuta sindinasiye, zimagwira ntchito. Kungoti mpaka lero ndikafika kwa apongozi dzuwa lisanakwere, sayankha moni wanga. Amandigwira paphewa, kunditembenuza ngati nkhuku ya pamsika, kuona kumsana kaye. Akapeza mwana alipo, ndiye amati, "Wadzuka bwanji, mwana wanga?"

Chovuta yambani nacho m'mawa ndithu, koma sambani kumaso ndipo mubereke mwana.