Dzira la Chinjoka la ku Takoma Park

Nzeruyi inabadwira m'galaja ya Medson ku Landover, mowa utafika m'mutu. Medson, amene ankadzitcha Jenerali, ankafuna tikiti ya ndege. Anali atalonjeza kwawo kuti ku chinkhoswe cha mlongo wake adzafika ngati bwana.

"Madolo, mverani," anatero. "Ku Takoma Park kuli shopu ya masewera. Azibambo andevu zawo amavala mikanjo, kuzungulira tebulo, kuponya madayisi, n'kumati akupha zinjoka. Pa kauntala pali Dzira la Chinjoka. M'masewera awowo akuti limaphulitsa linga lonse. Ndi limodzi lokha, ndiye tikaliba, openga anzawo aligula osanenerera."

Chileshe wa ku Lusaka, wotchedwa Pajero, anaika botolo pansi. "Mdala, bantu bamikanjo boponya mafupa, si ng'anga izo?"

"Usakhale mbuzi, Pajero. Kuno ndi ku Amereka."

Loweruka masana analowa. Osewera anali pa mkangano wa dayisi logwera pansi pa tebulo. Wachitatu wawo, Lewis, amene anzake ankamuti Kabaza chifukwa cha liwiro, anabisa dzira m'jekete. Palibe anacheuka. Jenerali anayamba kusankha suti m'maganizo.

M'galimoto, Pajero anakana kuliza injini.

"Katundu wa ng'anga sitiyenda naye chabe. Tichose mankhwala."

Anatulutsa mchere m'thumba, nawaza, kenako n'kugogoda dziralo pa chiwongolero kuti zoipa zituluke.

Phuu!

Mwini shopu anali atalidzaza ufa wobiriwira wonyezimira, kuti lidzaphulike pamapeto pa masewera a tsikulo. Atatuwo izi sankadziwa. Anangoona nkhope zawo zikuwala ngati gulo. Akapukuta, ufawo unkafalikira. Kabaza anati maso akuyabwa. Pajero anati miyendo yayamba kale kuzizira.

"Chambu ichi!" analira Kabaza. "Amachotsa ndi mwini wake yekha!"

Woyamba kutsika anali Jenerali.

Anapeza mwini shopu ali pakhomo, akufotokozera wapolisi za dzira lake. Onse atatu anagwada pa simenti, zigoba za dzira zili m'manja.

"Bambo, talakwa," anatero Medson m'Chingerezi chonjenjemera. "Tichotseni mankhwalawa. Tili ndi ana."

Mwini shopu analoza nkhope zawo.

"Sopo," anatero.

"Sopoyo ali kwathu," anatero wapolisi, akutsegula chitseko cha galimoto yake.

Ku chinkhoswe kunangopita uthenga wakuti bwana atanganidwa ndi za boma.