Timadontho ta a Tembo

Lolemba

Ndalonjeza pamaso pa mpingo wonse: Lamlungu abusa ochokera ku Chipata ndiwanyamula ine, kupita nawo ku mafamu kumene anzathu anakhamukira mgodi utagulitsidwa. Msewu wake ndi matope okhaokha. Wa 4x4 mumpingo wathu wa ku Mindolo ndani? Ine! Ndinaigula pa okushoni ya ku mgodi ndi ndalama zonditsanzika nazo.

Vuto ndi limodzi. Ndikadina batani la 4x4, kagetsi kakungophethira. Kamota kosintha magiya, ka pa transifa, bokosi la kunsi kwa galimoto lopereka mphamvu ku matayala onse anayi, kakuchita ulesi.

A Tembo, aneba anga, pampanda: "Ba neba, bweretsani, ten minitsi chabe. Ndine n'nali kuikonza iyo ku wekishopu."

Ten minitsi! Eni atsopano a mgodi anawasiya iwo pa ntchito, ine kalaliki wa ku sitolo n'kundipatsa kalata. Ovololo yawo yatsopano imandilasa m'maso m'mawa uliwonse. Galimoto yanga sakhudza ayi.

Lachiwiri

Kamota ndamasula. Ndayala patebulo monga ndinkachitira ku sitolo ya mgodi:
mabawuti anayi
magiya awiri apulasitiki
kasipuling'i
kambale ka mkuwa

Pa giya iliyonse pali kadontho ka penti yoyera. Pachivundikiro kenanso, ndipo pambali pake chilembo T. T! Mpaka m'mimba mwa galimoto yanga munthu uja anasainamo!

Petulo, mswachi wakale, ola lathunthu. Zonse mbee, timadontho ndi T yemwe zachoka. Lero ndadya bwino.

Lachitatu

Ndabwezera zonse. Magiyawa akulowa paliponse pamene ndawaika, kumvera kwake! Ndadina batani, gwa! Ndaponda mafuta, injini kukuwa, galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Mayi a Tamara, mkazi wanga, atagwira m'chiuno: "Bashi Tamara, tumadontho tuja mwachotsa situnali na nchito?"

Mkazi wanga wasanduka makaniko. Abweranso ndi nkhani yoti kwa a Tembo agula firiji. Sindinafunse ine.

Lachinayi

Minibasi mpaka ku Ndola, kamota m'pulasitiki. Makaniko wa ku Chifubu, kumene palibe ondidziwa. Akatembenuza, akayang'ana, andiyang'ana.

"Mudala, musanamasule mumaika maki, kuti magiya, kambale na shafuti ya transifa zikumane pamene zinali. Anafufuta ndani?"

Ndati mlamu wanga.

"Mulamu wanu asazigwira sipanala. Popanda motoka apa siningakwanise. Koma ku Kitwe kwanu kuli mudala wina, ba Tembo..."

Ulendo wonsewu kudzamva dzina lomwelo! Ndabwerera osagula ngakhale chimanga chowotcha.

Lachisanu

Njira ya chikalaliki: kuyesa dzino limodzi limodzi la giya mpaka zitheke. Kukwawa kunsi, kumanga, kutuluka, kudina, kutukwana, kulemba m'kabuku. Pofika madzulo ndili pa dzino lachisanu ndi chinayi, ndipo mano otsalawo ndasiya kuwerenga. Msana sukuwongoka.

Kuseri kwa mpanda a Tembo akutsuka pikapu yawo yachabechabe, uku akuimba mluzu. Ndi mluzu womwe amautha bwino. Zimandiwawa, ndinene zoona.

Loweruka

Yayenda! Yayenda!

Koma yakakamira mu 4L, giya yokwerera phiri. Kubangula ngati damputiraki yonyamula miyala ku mgodi, liwiro la anthu operekeza maliro. Mayi wina wosenza dengu la tomato wandipitirira, wandipatsanso moni. Kubwerera kuchokera pakona kwanditengera theka la ola, a Tembo ali pageti pawo, akweza dzanja. Ndayang'ana kumbali.

Abusa afika. Suti yanga yasitidwa kale. Mayi a Tamara sakundilankhula.

Lamlungu

Sikisi koloko m'mawa mayi a Tamara akagogoda okha kwa a Tembo, osandiuza. Munthu uja wabwera mu ovololo ija. Wazungulitsa shafuti ndi pulayala, wayeza kambale ndi kababu, wamanga. Ndimayang'ana wotchi: mphindi zisanu ndi zitatu. Wapempha kyutekisi wa mkazi wanga, waika timadontho tatsopano. Sanafunse kuti takale tinapita kuti. Akanafunsa bwenzi ndapeza poyambira mkangano.

"Ba neba, lekani niyendetse ine, nimvere ngati yankhala bwino."

Abusa kutsogolo. Mayi a Tamara pakati. Ine kumbuyo pamtetete ndi mabenchi ndi ng'oma, suti yonse matope. Galimoto yawoloka zithaphwi zonse osadandaula.

Ku mafamu abusa popemphera: "Dalitsani, Ambuye, a Tembo ndi galimoto yawo." Mpingo wonse ameni, mkazi wanga mokweza kuposa onse.

Madzulo ndasuzumira kunsi. T watsopano, wofiira. M'botolo petulo akadalimo. Ndalinyamula, ndaliyang'ana, ndalibwezera pashelefu.