Galu Wanga Mwamulemba Kuti Ndi Mtengo

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zinyama, Nkhalango, Nsomba, Miyala ndi Zina Zotsala,

Bwana,

Ndine Lindsay Treloar wa kuno ku Dargo, mlenje wachabechabe amene sukulu inamukana akadali ndi mamina. Ndalemba kuti ndikuthokozeni pophatikiza ofesi ya alenje ndi maofesi ena onse aja. Paja mutu umodzi susenza denga. Mitu tsopano yachuluka ndithu, kungoti denga sitikuliona.

Choyamba, zikomo chifukwa cha Bambo Hargreaves, amene ankalembetsa agalu athu a uzimba ndipo ankamudziwa galu aliyense ndi kauwidwe kake. Mwawatumiza kunyanja kukawerenga nkhanu. Ndamva kuti m'boti amangokhalira kusanza, moti chimimba chawo chaphwa. Akazi awo akuyamika.

Chachiwiri, zikomo potitumizira Bambo Pettifer a zankhalango m'malo mwawo. Munthu waulemu, wakhama. Atabwera kudzalembetsa Sajeni, galu wanga wokalamba, anamupeza ali mtulo pakhonde. Anamuyeza m'chiuno ndi tepi, anamugogoda m'nthiti, anamusuzumira m'kamwa. Anapeza kuti ndi wakalekale, ali ndi mphako m'mene munali mano, ndipo pathupi pake pamakhala tizilombo tambiri. Ife timati utitiri, iwo anati zachilengedwe. Kenaka anamuzunguliza mzere wa penti yachikasu m'chiuno. Anandifotokozera modekha kuti kompyuta yatsopano ilibe malo a galu, ili ndi a mtengo, nsomba, mwala ndi chitsime basi, ndipo pa zinayizi mtengo ndiwo unayandikirako. Choncho Sajeni ndi mtengo wotetezedwa, ndipo kumuchotsa pamalo pake ndi mlandu.

Kunena zoona, kubanja kwathu sikunatulukepo aliyense wolemekezedwa ndi boma chotere.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha foni yanu imodzi yoyankha zonse. A zankhalango anati chinthu chouwa si chawo. A zinyama anati iwo anasamutsidwira ku migodi. A migodi anafunsa kuti galuyo ndi wakuya bwanji. Mayi wina wokoma mtima wa ku nsomba anandilangiza kuti ngati ali wamng'ono ndimubwezere m'madzi. Pakatipakati munandiimbira nyimbo zokoma, mpaka soseji zanga zinapserera.

Chachinayi, mwanditchukitsa. Ndikangolowa mu bala, mnzanga Col Dunstan amafunsa ngati ndamuthirira madzi galu, ndipo akuti ndimusungire zipatso zoyamba. Mkazi wanga Noeleen akufuna kumangirirapo chingwe choyanikira zovala. Mbawala nazo zamva nkhaniyi. Zikulowa m'munda masanasana, kukungudza makungwa a maapozi a Noeleen, mitengo yeniyeni imene palibe anaiteteza. Imodzi inaima n'kumuyang'ana Sajeni, kenaka n'kupitiriza kutafuna.

Apa ndiye nthabwala zandithera, bwana. Dokotala wa ziweto akuti Sajeni sadzaonanso chisanu china. Ino ndi nyengo yake yomaliza ya uzimba, ndipo ikupita. Loweruka lililonse mapikapu a anzanga akamadutsa, agalu awo akuuwa kumbuyo, iye amadzuka movutikira, n'kukaima pageti ndi penti yake ija, kudikira kuti nditsegule chitseko cha galimoto. Ine ndimanamizira kufunafuna makiyi. Galu ameneyu anandilondolera njira chipale chofewa chitatseka phiri ndili ndekha, ndipo lero ndikumunamiza ngati mwana. Zimandiwawa kwambiri.

Ndiye ndagwira mwendo wanu. Sindikupempha kuti mumubwezere ugalu wake, ndikudziwa kuti zimenezo zifuna komiti, ndipo komitiyo idzakhala pansi ife titaika kale maliro. Pempho langa ndi laling'ono: mundilole ndinyamule mtengo wangawu, ndikausiye m'nkhalango kuti ukacheze ndi mitengo inzake. Ukakanunkhiza mapazi a mbawala n'kuyamba kuthamanga, zimenezo n'zachilengedwe, ndipo unduna wanu ndi umene umaziteteza.

Mukalola, mudzabwere Loweruka mudzaone nokha. Tidzakuwotcherani nyama. Koma chonde musadzaime malo amodzi nthawi yaitali. Agalu a Col anamva kuti masiku ano chilichonse chosasuntha ndi mtengo, ndipo pa nkhani ya mitengo iwo sadikira komiti.

Ine kapolo wanu wosayenera ngakhale kupukuta nsapato zanu zikadzanyowa,

Lindsay Treloar
Mwini mtengo umodzi wouwa