Ng'ombe Yakufa Imene Ikudyabe Msipu

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mpanda Wolimba,
Lusaka.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Clotilda, mlembi wa gulu la oweta ng'ombe kuno ku Kanakantapa. Ndalemba nditagwada, kuthokoza pulogalamu yolembera ziweto imene munatiikira mu kompyuta yathu. Ndikati yathu mundikhululukire, ndi chizolowezi chabe poti tinaigula tokha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha loko. Nkhokwe ya mayina a ng'ombe, imene inu mumaitcha detabesi, munaitseka kuti zimene ndalemba ndisazisinthenso. Ba Terrence, amene munawatuma, anandifotokozera akumwa tiyi wanga kuti mbava yoyamba ya kompyuta ndi mwini wake. Ndakalamba ndikuimba kwaya osadziwa kuti ndine chigawenga. Mwanditsegula maso.

Chachiwiri, ndili ndi maliro oti ndikuuzeni. Ba Zebron, mmodzi wa alimi athu, amapatsa thole dzina la mayi wake, choncho m'khola mwawo munali a Madamu awiri, onse akuda. Wamkulu atafa ndi matenda a nkhupakupa, chala changa chinaphonya m'kompyuta, nkupha wamng'ono. Ndinazindikira pomwepo, koma pulogalamu yanu inakana mwaulemu kuti wakufa sabwerera. Chikhulupiriro chotere ngakhale abusa athu alibe.

Tsono Madamu wamng'onoyo ndiye wa malowolo. Loweruka likubwerali ayenera kupita ku Nkomeshya, kwa makolo a Inonge, mtsikana amene mwana wa ba Zebron akufuna kukwatira. Popanda chikalata cha gulu ng'ombe sidutsa pamsewu, ndipo kompyuta sisindikiza chikalata cha mtembo. Imene ikulolezedwa kuyenda ndi imene tinakwirira. Makolo a mtsikana anena kale kuti akanamizidwa ulendo uno nkhani yatha. Ba Zebron amabwera m'mawa uliwonse, nkukhala pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja. Kunena zoona ndikuchita manyazi, ndipo ndakwiya.

Chachitatu, ndiyamikire nzeru. Nditaimba foni, ba Terrence anandinong'oneza kuti kiyi wa lokoyo munamubisa m'kompyuta momwemo, chifukwa pulogalamu nayo imamufuna, moti aliyense wodziwako pang'ono atha kumupeza. Koma ine ndikayesa, ati ndaphwanya pangano. Ndiye kuti mwakhoma chitseko, kiyi mwasiya pawindo, ndipo amene wagona panja ndi mwini nyumba yekha. Ku sukulu kumene munaphunzira zimenezi musasiyeko.

Sindikupempha kiyi, Bwana, ndikudziwa malo anga. Pempho langa ndi laling'ono. Loweruka mubwere ndi galimoto yanu yoyera ija, mutitengere ku Nkomeshya. Mukakhale pamphasa kutsogolo kwa bambo a Inonge, muwafotokozere nokha kuti ng'ombe yawo ndi yotetezedwa kwambiri m'boma lonse la Chongwe, kungoti inamwalira. Mukachedwa pobwerera musadandaule, malemuwo tidzawakama kuti mumwe tiyi.

Ine wanu wodzichepetsa, mbava yanu yokhulupirika,

Clotilda
Mlembi, Kanakantapa