Sabawu Sakulowa m'Dengu

Lolemba

Akazi anga, mayi a Roza, alamula: Lamulungu tikuwoloka. Tikupita kwa achimwene awo tsidya la Malawi, tikakhale kumeneko mpaka mfuti zitatopa. Sindikutsutsa. Sikola ndinatseka kale, choko chinatha, ana ambiri anawoloka ndi makolo awo. Ndangofunsa chimodzi: nanga Sabawu?

"Akalowa m'dengu mwa kufuna kwake, apita nafe. Ine sindithamangitsana ndi mphaka pamalire."

Sabawu ndi mphaka wa malemu amayi. Wamkulu, woyera, khutu limodzi long'ambika. Amayi anamutcha dzinali chaka chimene sabawu wochapira anasowa kogula m'maloja monse, ati pakhomo pasasowe chinthu choyera. Mlamu wanga anabwera naye kuno ku Tsangano m'thumba, kuchokera ku Furancungo, nandiuza ali chiimire: "Nyumba yapsa, mapichesi adula, mwatsala ndi uyu." Chifikireni amakhala pansi pa nkhokwe. Ndimaona maso okha.

Kale sanali chonchi. Amayi akamasenda kachewere pakhonde, iye ankagona pamiyendo pawo, makoko akumugwera pamutu, osasuntha. Zidzukulu zinkamuveka duku. Lero munthu akangotsokomola, fumbi!

Ndondomeko yanga:
- mkaka, ndizisendeza pafupi tsiku lililonse
- kukhala chete, osamuyang'ana m'maso
- mawu a munthu, ofatsa
- chitenje cha amayi
- alendo, mmodzimmodzi
- dengu

Ndaphunzitsa ana a eni kuwerenga, ena a mitu youma ngati chitsa. Mphaka mmodzi angandikanike?

Lachiwiri

Mkaka ndakapempha kwa aNkhoma, anansi athu, amene amabisa ng'ombe zawo zotsala kukhwawa.

"Mkaka wa mphaka? Aprofesoro, nkhondoyi yakulowani m'mutu." Koma athira.

Ndaika m'chitini pafupi ndi nkhokwe. Ndakhala pa njerwa, nkhope kumbali. Kusayang'ana mphaka n'kovuta kuposa mmene ndimaganizira. Khosi likuwawa.

Mawu a munthu. Ndatenga buku la kalasi yachitatu, ndikumuwerengera mofatsa nkhani ya sitima yapamtunda. Pofika tsamba lachiwiri maso aja palibe. Ndakumbuka mochedwa: bukuli ndi la Chipwitikizi. Amayi Chipwitikizi chawo chinali chopempherera ndi chotukwanira mbuzi basi. Mwina Sabawu akuganiza kuti ndikumutukwana. Kapena kuti ndikumupempherera, zimenenso n'zoopsa.

Ndasintha, Chichewa tsopano. Koma mphaka umamuuza chiyani? Ndamuuza za chisanu cha kuno. Ndamuuza kuti tsidya lija kulinso mbewa, kuti malire ndi kanjira chabe, sadzaona n'komwe kuti wawoloka. Ndamuuza kuti ine ndine uja ndinkabwera pa tchuthi ndi njinga yopanda mabuleki, amayi n'kumandikalipira kuti ndawonda. 

Potembenuka, nkhuku zili m'chitini.

Zotsatira za lero: nkhuku zandizolowera kwambiri.

Lachitatu

Chitenje cha amayi. Chikadali ndi fungo lawo: utsi, fodya wonunkhiza, mafuta a nsatsi. Ndachiyala pansi, Sabawu osatuluka. Ndachifunda, osatuluka. Ndamanganso duku, poti ndayamba kale, n'kukhala chotambalala monga ankakhalira amayi. Ndikuitana ndi timawu tating'ono: "Bwera, mwana wa eni, bwera."

Mayi a Roza akudutsa ndi ndowa pamutu. "Apongozi, mwadzuka bwanji?" Osaseka n'komwe.

Koma watuluka! Mutu, kenako mapewa, kenako mphaka yense. Wawonda, Mulungu wanga. Akununkhiza m'mphepete mwa chitenje. Akubwera. Wafika kumapazi, waima, makutu agona.

Nsapato! Amayi sankavala nsapato pakhomo. Amene anabwera ndi moto ndi amene anavala.

Ndikuwerama kuti ndivule pang'onopang'ono, ndipo fodya wa m'chitenje uja wandilowa m'mphuno. Ndalimbana naye. Wandigonjetsa.

Ndayetsemula.

Sabawu wadutsa pabwalo ngati mphezi, pakati pa amayi a pachitsime, mpaka m'munda wa kachewere. Posakhalitsa, kuphiri: tha! tha! tha! Kutali, koma mfuti ndithu.

Madzulo bairo yonse, mudzi wathu uno, ikunena kuti mphaka wa aprofesoro anamva nkhondo isanalire. Ndikufotokoza za kuyetsemula, palibe akumvetsera. ANkhoma: "Inu munayetsemula chifukwa mphakayo anadziwa."

Ndawaganizira mawu amenewa nthawi yaitali. Sindikuwamvetsa, komanso sindikupeza powatsutsira.

Lachinayi

Kale chenjezo lathu linali chitsulo cha pasikola. Tinasiya kuchimenya titazindikira kuti chikuuzanso a mfuti kumene tili. Chiyambire pamenepo munthu amathawa akaona mnzake akuthawa. Zimenezi ndinayenera kuzikumbukira m'mawa uno.

Lero ndi tsiku la alendo, mmodzimmodzi, opanda nsapato. Ndayamba ndi akatekisita, munthu wofatsa kuposa onse m'bairo muno, amene amayenda ngati akupepesa nthaka. Avula masandasi, agwada pafupi ndi nkhokwe.

"Mtendere ukhale nawe, Sabawu."

Fumbi!

Ndiye bairo yonse fumbi! Miphika pamoto, mbuzi pachingwe, ana kumsana. Ndikufuula: "Bwererani! Ndi akatekisita chabe!" Akatekisitawo ali patsogolo pa onse, masandasi m'manja. Sindinadziwe kuti amatha kuthamanga.

Ndatsala ndekha pabwalo. Zii. Kenako maganizo: nanga ngati mphakayo akudziwadi? Ndathamanga nanenso.

Kukhwawa, pakati pa ng'ombe za aNkhoma. Nkhungu, kuzizira, ndowe paliponse. Zimene ndikumva:

"Walowera kuti? Kum'mawa? Ndiye akuchokera kumadzulo."
"Mchira unali m'mwamba kapena pansi?"
"Pansi."
"Mayo ine!"
"Nyemba zanga zapserera, ndikumva fungo kuno."

Palibe chachitika. Tabwerera dzuwa litapendeka. Ndimayembekeza kuti andikalipira, ndinakonzeratu zopepesa. Ayi ndithu. "Aona kuti m'mudzi mulibe munthu, abwerera. Mphakayu watipulumutsa." Ena akundigwira chanza.

Ndiye akathawa mfuti n'kulira, wadziwa. Akathawa mfuti osalira, watipulumutsa. Ndikufunafuna pamene angalakwitse, sindikupapeza.

Mayi a Roza, akupala nyemba zopserera: "Dengu lija likadali lopanda kanthu."

Lachisanu

M'mamawa, asekeretariyo a bairo. Avala jekete, ndiye kuti ndi nkhani ya boma.

"Kamarada profesoro, tamva kuti mukufuna kumuzoloweretsa anthu. Lekani. Akazolowera, azithawa ndani? Mphakayu tsopano ndi wa povu, wa anthu tonse."

Ndawauza kuti ndi wa amayi anga.

"Amayi anu nawonso anali povu."

Malamulo atsopano, olengezedwa pabwalo monong'ona:
- osavala nsapato pafupi ndi nkhokwe ya aprofesoro, angathawe pachabe
- osafuula
- osamuyang'ana m'maso
- agalu onse pachingwe
- mkaka, mosinthana

Ndi ndondomeko yanga ya Lolemba! Yomweyo! Koma yanga inali yoti aleke kuthawa, yawo ndi yoti azithawa bwino. Mankhwala amodzi, matenda osiyana. Mutu ukuzungulira.

Masana wathawanso. Chifukwa sindikuchidziwa, mwina kabawi anadutsa. Sindinafunse, miyendo yaphunzira yokha. Kukhwawa n'kutali, ndangodziponya pakati pa mizere ya kachewere, nkhope m'dothi. Chete. Dothi likununkhira ngati munda wa amayi mvula itangodutsa.

Kenako chinthu pamsana. Timapazi. Tikuponda, tikuzungulira, takhazikika. Kufunda. Ndipo kaphokoso ka m'khosi kaja, krrr, krrr, kamene ndinkamva pakhonde ku Furancungo, mpeni wa amayi ukuyenda pa kachewere.

Mayi a Roza ali mumzere wina, akunong'ona ndi mphamvu zawo zonse: "Mgwireni, bambo a Roza! Mgwireni!"

Ndigwire bwanji chinthu chili pamsana? Ndiponso sindikufuna. Ndagona choncho, osapuma bwino, misozi ikulowa m'dothi. Kunena zoona, ndimalakalaka anthu achedwe kudzuka.

Adzuka. Wapita.

Loweruka

Ndazindikira, kapena ndikuganiza kuti ndazindikira. Sabawu amakonda munthu wogona pansi, wachete, wamantha. Chabwino. Zimenezo ndingathe.

Ndapita kumunda ndi dengu. Ndagona chafufumimba pamalo omwe aja, dengu pambali, chivundikiro m'dzanja. Ndikuyesa kuchita mantha. Ndikuganiza za mfuti, za moto, za woyendera masukulu amene anandipeza ndikuwodzera m'kalasi. Sakubwera. Zaka zonsezi mantha akhala akubwera okha osaitanidwa, lero ndikuwafuna akukana.

Mayi wina wodzathyola mpiru wandiona. "Aprofesoro ali pansi!"

Ndikumva mapazi, mbuzi, mwana akulira, wina akufunsa za mchira. Kenako zii. Bairo yonse kukhwawa.

Sabawu sanabwere. Zabwera nyerere.

Ndadzuka mawondo atauma, ndabwerera ndekha m'mudzi wopanda munthu. Uyo! Ali pakhonde la sikola, padzuwa, mimba kumwamba, akudzinyambita mwendo ngati mwini dziko. Anthu ali kukhwawa chifukwa cha ine. Ine ndinali m'munda chifukwa cha mphaka. Mphaka ali pasikola chifukwa kulibe anthu. Akuphunzitsa mnzake ndani pamenepa?

Ndakhala patali, tonse awiri padzuwa. Ndinali ndisanaonepo mudzi wathu uli phee chonchi popanda choopsa. Ndi wokongola. Mapichesi ayamba maluwa ndipo palibe anandiuza.

Asekeretariyo, pobwerera, ndowe mpaka m'mawondo: "Kamarada, mukafuna kugona muzigona m'nyumba."

Madzulo tikumanga katundu: mabulangete, mphika, khasu, chithunzi cha ukwati, buku la sitima lija. Mayi a Roza athira mbewu ya kachewere m'dengu la Sabawu.

"Akabwera ndikhuthula, musadandaule."

Anena mofatsa. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Lamulungu

Ndikulemba ndili pakhonde la alamu anga, achimwene a mayi a Roza aja, tsidya lino. Tawoloka bwino. Malire ndi kanjira chabe, monga ndinamuuzira.

M'mawa mapemphero anali pabwalo, pafupi ndi nkhokwe yathu, kuti anthu azipemphera diso lina lili pa mlonda wawo. Onse opanda nsapato, nyimbo zonong'ona, ngakhale makanda ngati auzidwa. Pakati pa ulaliki Sabawu watuluka. Wayenda pakati pa anthu pang'onopang'ono, wakhala pafupi ndi phazi la aNkhoma. Palibe womuyang'ana, lamulo ndi lamulo. Dzanja la aNkhoma latsika lokha, lamukanda kukhutu long'ambika lija. Walola! Watseka maso!

Wazolowera anthu. Ndondomeko yanga yagwira ntchito, m'manja mwa anthu amene ankafuna zosiyana.

Mayi a Roza akhuthula kachewere pansi, andipatsa dengu. Ndanyamuka. Ndikuyandikira, wopanda nsapato, nkhope kumbali, zonse mwa dongosolo. Wandiyang'ana. Wayang'ana dengu. Sanathawe, wangonyamuka n'kukakhala kuseri kwa akatekisita. Mpingo wonse wagwira mitolo. Akatekisita ayamba kufunafuna masandasi ndi phazi.

Ndikanatambasula dzanja, bwenzi atathawa, mpingo wonse pambuyo pake. Ndaima pamenepo ndi dengu langa. M'bairo yonse watsala munthu mmodzi amene Sabawu sakumukhulupirira, ndipo ndi ine. Enawo amangokhala naye. Ine ndikufuna kumutsekera.

Ndatolera kachewere, ndabwezera m'dengu. Chitenje cha amayi ndachiyala pansi pa nkhokwe, kumene mvula sifika.

ANkhoma, potiperekeza: "Mkaka sadzasowa, aprofesoro. Ali pa ntchito." Zoona. Iye watsala ndi ntchito, ine ndawoloka wopanda.

Asekeretariyo ayamba kale kudandaula kuti mphakayo sakuthawa mokwanira. Sindikudziwa ngati ndawasiyira mlonda kapena mphaka chabe. Amayi akanadziwa. Kapena akanangoseka mpaka kutsokomola, n'kupitiriza kusenda.

Kuno agalu akuuwa, wailesi ikulira, anthu akuitanizana mofuula kuchokera kutsidya kwa msewu, ndipo palibe akuthawa. Ine ndikuyendabe monyang'ama. Alamu andipatsa moni, ndawayankha monong'ona, nkhope kumbali.

Mayi a Roza: "Valani nsapato, bambo a Roza. Kuno kulibe mphaka."

Zili m'khosi, zomangidwa ndi zingwe zake. Ndivala mawa.