Mboni Zisanu za Kalole Koyera

Nkhani iyi ndimaizemba tikakumana Amalawi kuno ku Nairobi, chifukwa ikangoyambika anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, ine mtima ukuwawa. Koma poti aliyense wayamba kuithira mchere wakewake, bola ndiinene ndekha.

Ndine dalaivala wa bungwe lina la mpingo. Ndakhala ku Buruburu zaka zinayi, banja lili kwathu ku Ntcheu. Chaka chatha mwana wanga woyamba, Tadala, anapeza mwamuna womukwatira, ndipo akubanja anagwirizana tsiku la chinkhoswe, Loweruka. Tchuthi changa chinali chitathera pa maliro a achimwene anga, ndipo za ndege musandifunse, ndanena kale ntchito yanga. Ndinali nditagonja. Kenako abwana anandiitana mu ofesi.

"Kalole koyera kaja kakupita ku ofesi ya ku Lilongwe ndi mabuku," anatero. "Mukapereke ndinu. Koma lamulo la kulikulu mukulidziwa, galimoto ya dizilo situluka m'dziko isanayezedwe utsi. Takupezerani malo Lachiwiri. Ikakhoza, Lachitatu nyamukani. Ikalephera, mudikira sabata inayo."

Ndinauyenda msewu wonse m'mutu ndisanatuluke mu ofesimo. Namanga, Dodoma, Mbeya, Songwe, Loweruka m'mawa ndili pakhomo nditavala jekete. Ndinamva ngakhale kamphepo ka ku Ntcheu kakundilowa m'makutu.

Vuto linali limodzi: kanyali kachikasu kankayaka pa dashibodi. Ndinapita nako kalole kwa Wafula, makaniko wathu wa ku South B, munthu wosalankhula zambiri. Anasintha kachitsulo kena ku ekizozi, kanyali kanazima, ine n'kumugwira chanza kuti ndizipita. Anakana. Analumikiza kachipangizo kake pansi pa chiwongolero n'kundionetsa timabokosi tisanu tofiira.

"Hawa ni mashahidi, mzee," anatero. M'Chiswahili mashahidi ndiye mboni, mzee ndiye mdala. Anandifotokozera kuti galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta yomwe imadziyang'anira yokha utsi wake. Ukakonza vuto n'kulifufuta m'kompyutamo, mboni zija zimaiwala zonse. Zimafuna ziyende ulendo, zione injini itazizira, itatentha, ikuthamanga, ikuima, kenako zisanduke zobiriwira. Woyeza utsi akapeza zofiira sayang'ana n'komwe ekizozi, amangokubweza.

"Ndiye ndingoyendetsa basi?" ndinafunsa.

"Ungoyendetsa."

(Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili pa chiwongolero. Ndinaseka.)

Abwana anandilola kuti sabata imeneyo kalole kazigona kwanga, kuti ndizikalizira m'mawa injini ili yozizira. Lachinayi ndinapita ku Ngong n'kupitirirako, n'kubwerera. Madzulo ndinakasamalira monga ndimasamalirira galimoto iliyonse yogona pakhomo panga. Lachisanu m'mawa Wafula analumikiza kachipangizo kaja. Zisanu zofiira.

"Bado," anatero, kutanthauza kuti sizinatheke. "Unkathamanga bwanji?"

Ndinayankha monyadira kuti pang'onopang'ono, ndipo potsetsereka ndinkachotsa giya kuti mafuta asathe. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta kwathu andimvetsa. Wafula anagwira mutu. Anati dizilo imafuna itenthe, ndiiponde ndithu kwa theka la ola osabweza mwendo.

Tsiku limenelo ndinaiponda, mtima ukundipweteka poona muvi wa mafuta ukutsika. Loweruka m'mawa, bado. Wafula anati mwina ikufuna katundu. Ndinapakira matumba a mchenga n'kukwera nawo phiri la Ngong kawiri, ngati munthu wosadziwa kumene akumanga. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapempha amayi a kwaya ya Amalawi kuti apempherere kaloleko. Anaika manja pa chitseko, mayi wina n'kudzudzula mzimu wotseka njira mokweza mpaka alonda a pageti anabwera kudzaona. Lolemba m'mawa mboni zonse zisanu zinali zofiirabe.

Apa Wafula anavula ovolosi n'kukwera yekha. Tinayenda tsiku lonse, iye kachipangizo kali pamwendo. Cha m'ma 11 koloko kabokosi koyamba kanabiriwira. Titadutsa Ngong, kachiwiri. Pofika madzulo zinayi zinali zobiriwira.

"Yachisanu imabwera m'mawa injini ikazizira," anatero. "Mawa wakhoza, mzee."

Ndinaima pamsika n'kugulira Tadala nsalu ziwiri za kuno. Ndinaimbira mayi ake kuti jekete lija alichape. Iwo anati, "Abambo ake a Tadala, mukunena zoona? Ndiwauze ankhoswe?" Ndinati auzeni onse, ngakhale a m'mudzi woyandikana nawo.

Lachiwiri ndinadzuka mofulumira n'kuthamangira ku South B kuti tione komaliza tisanapite koyeza. Wafula analumikiza. Anayang'anitsitsa kachipangizo kaja. Anachotsa, n'kupukuta, n'kulumikizanso. Zisanu zofiira. Ngakhale zinayi za dzulo zija zinali zitapita.

Anakhala m'galimotomo akuyang'ana uku ndi uku, mpaka maso ake anaima pa wailesi. Wotchi yake inkangophethira maziro.

"Mzee, wotchiyi yatani?"

"Aa, ndaiwala kuikonza lero chifukwa cha changu. Ndimaikonza m'mawa uliwonse."

"Chifukwa chiyani m'mawa uliwonse?"

"Si imasokonekera ndikachotsa mabatire."

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Ukachotsa chiyani?"

Abale anga, mabatire a kalole ali panja, m'mbali, poonekera aliyense wodutsa. Ine ndili ku Ndirande anandibera mabatire kawiri, ulendo wachiwiri galu ali pomwepo. Kuchokera nthawi imeneyo batire sigona panja pakhomo panga. Madzulo aliwonse ndinkatenga sipanala, kumasula onse awiri, kukwera nawo masitepe mpaka nyumba yachiwiri m'mwamba, kuwaika pa katoni pafupi ndi bedi. M'mawa kutsika nawonso. Msana unkandiwawa, koma ndinkadzitama kuti bungwe lili ndi dalaivala wosamala.

"Ukachotsa batire kompyuta imaiwala zonse," anatero Wafula, mawu ake ali pansipansi ngati akupepesa maliro. "Masana umaziphunzitsa mboni, madzulo umazipha. Masiku asanu!"

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndani amagona ndi mabatire a lole kuchipinda?"

Ndinafuna kumuyankha kuti theka la Blantyre, koma nthawi yoyeza inali itakwana. Tinapitabe koyeza kuja, mwina angatimvere chisoni. Woyezayo analumikiza chipangizo chake, n'kupukusa mutu, n'kuitana galimoto yotsatira. Sizinathe ngakhale mphindi zitatu. Abwana anandimvera chisoni, koma lamulo silinali lawo. Malo ena anapezeka Lolemba.

Kuimbira mayi a Tadala kunali kovuta kuposa kukwera masitepe aja. Sanakalipe. Anangoti, "Jekete ndachapa kale," basi. Bola akanakalipa.

Loweruka la chinkhoswe linandipeza pa msewu wa ku Ngong, ndikuphunzitsanso mboni zanga, nsalu ziwiri zija zili pampando wa pambali. Cha masana foni inalira. Ndinaima pambali pa msewu injini ikulira (kuizimitsa ndinkaopa tsopano). Kumbali inayo kunali phokoso la zoimbira ndi nthungululu, ndipo ndinazindikira mawu a azakhali ake a Tadala akulamula anthu kuti asunthe. Fumbi la pabwalo paja ndinkachita ngati ndikulinunkhiza. Ndinalakalaka kwathu koopsa.

"Ababa, mukundimva?" Anali Tadala.

Miyezi itatu ndinali ndikukonza malangizo oti ndidzamuuze tsiku limeneli, ena ndinachita kulemba m'kabuku ka maulendo a galimoto. Onse anandithawa. Ndinangoti, "Pepa, mwana wanga. Bambo ako ndi chitsiru."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali konyowa. "Amayi andiuza. Mwachita bwino, mabatire a eni ake sanabedwe."

Anthu amandifunsa kuti ndinaphunzirapo chiyani. Ndimawayankha kuti munthu azifunsa asanagwire sipanala, ndipo amaseka n'kundisiya. Chimene sindiwauza n'chimene Tadala ananena foni isanaduke, ine nditamufunsa kuti pamalo panga akhala ndani.

"Palibe, ababa. Mpando wanu tauika kutsogolo, pafupi ndi amayi. Amalume anafuna kukhalapo, ine ndawakaniza."